Lipoti la nkhani: "Ndilibe mkaka", mayi wa zaka 19 ndi khanda la masiku 12 ku Angónia

Ndine namwino wa amayi ndi ana, ntchito imene m'mapepala athu imalembedwa kuti SMI, pa chipatala chaching'ono cha kumudzi m'boma la Angónia, chigawo cha Tete. Lipotili ndalembera anzanga a m'zipatala ngati chathu, a ku Tsangano, a ku Macanga, ngakhalenso a kutsidya kwa malire ku Dedza ndi ku Ntcheu, kuti aone mmene mwana anatsala pang'ono kufa ndi njala mawere a mayi ake ali odzaza. Dzina la mayiyo, la mudzi wake ndi la chipatala sinditchula. Banjalo linavomera kuti nkhaniyi ilembedwe.

Mmene anafikira

Unali mmawa wa mwezi wa Juni, chisanu cha kuno chili pachimake. Anabwera atatu pa njinga yamoto: bambo a mwana akuyendetsa, mayi pakati, apongozi ake kumbuyo atafungatira khanda. Olankhula anali apongoziwo.

"Anamwino, mtengwa wangayu alibe mkaka. Tabwera kuti mutilembere wam'chitini."

Mayiyo anali wa zaka 19, mwana woyamba, ndipo ali kuchitengwa, kutali ndi mayi ake omubereka. Sikelo ya amayi oyembekezera anayenda kanayi. Magazi anayezedwa ali ndi pakati komanso tsiku lochira, ndipo analibe HIV. Anadikirira masabata awiri ku casa de espera yathu, nyumba yodikiriramo amayi oyembekezera, chifukwa kwawo ndi ulendo wa maola atatu wapansi. Anachira bwinobwino usiku, mwana wamkazi wolemera magalamu 2,900, ndipo anatuluka patatha maola 24. Amene anamuchiritsa ndine. M'buku la kumatenite muli dzanja langa pamene ndinachonga kuti mwana wayamwa.

Zimene zinachitika kunyumba ndinazitola pang'onopang'ono, zina kwa apongozi, zambiri kwa mayiyo titatsala awiri. Tsiku lachitatu nsonga za mawere zinayamba kung'ambika. Tsiku lachinayi mawere anatupa n'kulimba ngati mwala, mwana n'kumalephera kugwira, n'kumangolira. Tsiku lachisanu ndi chimodzi bere lakumanzere linafiira, ndipo akuluakulu anagamula kuti mkaka wa bere limenelo wawola, mwana asaliyamwenso. Kuyambira pamenepo anayamba kumupatsa madzi a shuga pa supuni. Ataona kuti liwombo lalowa, anamumwetsa mankhwala azitsamba ndipo ena anamata pamutu. Tsiku lachisanu ndi chitatu bambo anagulitsa thumba la mbatata ya kachewere n'kugula botolo ndi mkaka waufa kumsika. Paketi yake anabwera nayo. Unali mkaka wothira mu tiyi, wosayenera khanda, ndipo ankausungunula kwambiri kuti ukhalitse. Mwana anayamba kutsegula m'mimba.

Sikelo ya tsiku lachitatu sanabwere. Anali m'chikuta, ndipo mchombo unali usanagwe.

Zimene ndinapeza

Mwana analemera magalamu 2,480. Anali atataya magalamu 420, kutanthauza magawo oposa 14 pa 100 a kulemera kwake kobadwa nako. Khanda limatsika ndithu masiku oyamba, koma siliyenera kupitirira magawo 10 pa 100, ndipo pofika masiku 10 mpaka 14 limakhala litabwerera pamene linabadwira. Thupi linali lotentha 36.6, ankapuma ka 48 pa mphindi, nthiti sizinkalowa, sanakomokepo, ndipo ndikamugwira ankatakataka ndi kulira mwamphamvu. M'kamwa munali mouma pang'ono, liwombo lolowa pang'ono. Pa mchombo panalibe mafinya. Maso ndi zikhatho zinalibe chikasu. Ndinayang'ana m'kamwa ndi tochi: munalibe zoyera zomata, m'kamwa mwam'mwamba munali motsekeka bwino, lilime linkatuluka momasuka. Mayi anati dzulo lake mwana anakodza kawiri kokha, mkodzo wachikasu kwambiri.

Mayi anali ndi kutentha kwa 38.6, akunjenjemera. Kuyeza malungo ndi TDR, kachipangizo koyezera mwachangu, kunaonetsa kuti alibe. Chiberekero chinali chitabwerera bwino ndipo zotuluka kumusi zinalibe fungo. Bere lakumanzere linali lotupa, lotentha, lofiira mbali ya kukhwapa, koma panalibe malo ofewa osonyeza kuti mafinya asonkhana. Nsonga zonse ziwiri zinali ndi zilonda, yakumanja ili ndi nkhanambo. Nditafinya pang'ono bere lakumanja mkaka unatuluka mizere itatu n'kugwera pa kapulana wa apongozi.

Kenako ndinachita chimene ndinayenera kuchita masiku 11 m'mbuyomo. Ndinakoka mpando, ndinakhala pansi, ndinati, "Mayi, muyamwitseni monga mumachitira kunyumba, ine ndingoona."

Mwana anali atakulungidwa mu akapulana awiri ndi bulangeti lochindikala. Mayi anamugoneka chagada pamiyendo, iye n'kuwerama kuti bere limufikire. Thupi la mwana linkayang'ana kudenga, khosi lokha ndilo linapotokera kubere. Pakati pa mimba ya mwana ndi mimba ya mayi panali nsalu zokwana chikhatho changa chonse. Mayi anapana nsonga ndi zala ziwiri n'kuilowetsa m'kakamwa kongotsegula pang'ono. Mwana anagwira nsonga yokha, masaya n'kumalowa mkati, kukumveka kaphokoso ka kutsotsa. Mayi analuma mlomo, zala za kumapazi n'kuzipinda ndi ululu. Sipanathe mphindi ziwiri anamuchotsa momukoka. Nsonga inatuluka yophwatalala ngati yapanidwa ndi chitseko, ikutuluka magazi.

Vuto lonse linali pamenepo. Mwana wogwira nsonga yokha amavulaza mayi ndipo satulutsa mkaka wokwanira. Mkaka wosatuluka umatupitsa bere, bere lotupa limavuta kugwira, ndipo likakhala chodzaza thupi limachepetsa kupanga mkaka. Mabakiteriya amalowera pa zilonda zija. Ndinalemba kuti mwana sakuyamwa mokwanira chifukwa cha kagwiridwe kolakwika ka bere, wataya thupi kwambiri ndipo madzi achepa pang'ono m'thupi. Mayi ali ndi matenda otupa bere lakumanzere ndi zilonda za nsonga.

Zimene tinachita

Kutsika kotere sikoti munthu angokusamalira yekha osafunsa. Pano sitingayeze mchere wa m'magazi a khanda. Ndinaimbira dokotala wa chipatala chachikulu cha boma lathu, ndipo tinagwirizana kuti popeza mwana alibe chizindikiro choopsa ndipo akumeza, agonekedwe pano, koma akapanda kukodza m'maola 6, akafooka, akatentha kapena kuzizira thupi, atumizidwe nthawi yomweyo. Bambo ndinawauza zimenezi poyera kuti asachoke ndi njinga.

Poyamba tinamuvula mwana zonse, kusiya thewera ndi chipewa, n'kumuika pachifuwa pa mayi khungu kukhungu, bulangeti n'kufunditsa onse awiri pamodzi. Apongozi anadzuka.

"Anamwino, chisanu chimenechi? Mundiphera mdzukulu."

"Agogo, ikani dzanja lanu apa pamsana pake." Anaika. Patapita kanthawi anaikanso, n'kukhala pansi.

Bere lakumanja linali lolimba moti mwana sakanagwira, choncho tinayamba ndi kufinyako pang'ono kuti malo akuda ozungulira nsonga afewe. Kenako tinakonza kagonekedwe. Mayi anatsamira khoma, mwana anatembenuzidwa thupi lonse kuti mimba yake ikhudze mimba ya mayi, khutu, phewa ndi chiuno zili pa mzere umodzi, mkono wa mayi utanyamula thupi lonse, mphuno ya mwana ili moyang'anizana ndi nsonga. Ndinamuuza kuti akhudze mlomo wam'mwamba wa mwana ndi nsonga, adikire mpaka ayasamule ngati akuyasamula tulo, ndiyeno amukokere kubere mwachangu, chibwano chitsogole. Kudikirako ndiko kunamuvuta, chifukwa mwana wolira amachititsa mayi kufulumira. Tinalephera kasanu. Ulendo uliwonse ndinkamuonetsa kulowetsa kachala pakona ya kamwa kuti amuchotse osamukoka. Manja anga ndinawaika pamwamba pa manja ake, osamugwirira mwana, chifukwa kunyumba ine sindikakhalako.

Ulendo wachisanu ndi chimodzi anagwira. Kamwa linali lotsegula kwambiri, mlomo wam'munsi utapindikira kunja, chibwano chitakhudza bere, malo akuda akuoneka ambiri pamwamba pa kamwa kuposa pansi. Masaya anadzaza. Kutsotsa kwachangu kuja kunasintha kukhala kukoka kwakuya, kupuma, kukokanso. Mayi anandiyang'ana n'kunena motsitsa, "Sizikuwawa ngati kale." Ndinaitana apongozi kuti ayandikire, aike khutu pafupi ndi khosi la mwana.

"Mukumva chiyani, agogo?"

"Akumeza."

Mawu amenewo ndi amene anatithandiza masiku onse otsatira. Agogowo analera ana asanu ndi awiri, ndipo phokoso la mwana womeza ankalidziwa kuposa ine.

Nkhani ya bere lakumanzere inatenga nthawi yaitali. Sindinawauze kuti chikhulupiriro chawo ndi chabodza. Ndinafinyira mkaka wa bere lodwalalo m'kapu yoyera, wa bere linalo m'kapu ina, n'kuwapatsa kuti aone ndi kununkhiza. Ndinawafotokozera kuti mkaka wa bere lotupa umatha kukhala wamchere pang'ono, nthawi zina mwana n'kuukana, koma sumudwalitsa, ndipo bere likasiyidwa chodzaza ndi pamene limachita chithupsa chofunika kung'amba. Chithupsacho anachiwonapo kwa mwana wa mng'ono wawo, ndipo anavomera kuti tiyese. Mayi tinamupatsa cloxacillin 500 mg kanayi pa tsiku kwa masiku 10, ndi ibuprofen 400 mg katatu pa tsiku atadya. Mankhwala onsewa saletsa kuyamwitsa. Pa zilonda ankapakapo dontho la mkaka wake akamaliza kuyamwitsa, osatsuka ndi sopo. Nsalu yonyowa ndi madzi ozizira inkachepetsa ululu.

Popeza mwana anali wofooka ndi njala ndipo ankagona msanga pabere, tinkamudzutsa maola awiri kapena atatu aliwonse, usiku womwe, kuti ayamwe kosachepera ka 8 mpaka ka 12 pa tsiku. Akamaliza, mayi ankafinya wotsala n'kumumwetsa pa kapu. Kufinya ndinaphunzitsa onse awiri: chala chachikulu pamwamba, chamkombaphala pansi, kuseri kwa malo akuda, kukankhira kuchifuwa, kupana, kusiya, n'kumazungulira bere, osakoka nsonga. Kumwetsa pa kapu ndinapatsa agogo kuti ikhale ntchito yawo. Mwana akhale chokhala, kapu ikhudze mlomo wam'munsi, mkaka ungofika pamlomo, mwana azimwa yekha, osamuthira m'kamwa. Usiku woyamba tinkapeza mamililita 20 mpaka 25 ulendo uliwonse, poyeza ndi sirinji. Botolo, madzi a shuga, mkaka waufa ndi zitsamba tinaimitsa zonse. Za liwombo ndinawauza kuti lalowa chifukwa madzi achepa m'thupi, ndipo aliyang'ane mawa lake.

Mwana anakodza patatha maola anayi. Tsiku lotsatira anakodza kasanu, linalo kasanu ndi kawiri, ndipo chimbudzi chinasanduka chachikasu chofewa. Sikelo inati 2,500 pa tsiku la 13, 2,545 pa tsiku la 14, ndi 2,620 pa tsiku la 16. Kutentha kwa mayi kunatsika pasanathe masiku awiri ndipo kufiira kunayamba kuzilala. Liwombo linadzaza, agogo n'kumalionetsa kwa amayi ena m'wodi. Anatuluka pa tsiku la 16.

Kumudzi

Ndisanawatulutse ndinaitanitsa APE, wothandiza zaumoyo wa m'mudzi, wa dera lawo. Ndi bambo wachikulire amene anthu amamukhulupirira pa malungo ndi kutsegula m'mimba, koma anandiuza mosabisa kuti sanayang'anitsitsepo mkazi wa mwini akuyamwitsa, ndipo mwamuna salowa m'chikuta. Tinagwirizana kuti iye azifunsa mafunso atatu ali pakhonde: mwana wayamwa kangati, wakodza kangati, mayi akumva kuwawa kapena ayi. Kuyang'ana kagwiridwe ka bere tinakupereka kwa azamba a m'mudzimo, amene masiku ano ntchito yawo ndi kuperekeza amayi kuchipatala, ndiponso kwa agogo aja. Anawayendera pa tsiku la 18 ndi la 20 ndipo ankandiimbira.

Pa tsiku la 23 mwana analemera 2,860. Pa masabata 6 analemera 3,550, zilonda zitapola. Katemera analandira pa nthawi yake. Bere lokha anayamwa mpaka miyezi isanu. Mvula yodzalira itagwa mu Novembala, mayi anayamba kukhala kumunda kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa litapendeka, ndipo agogo anayamba kumupatsa phala lamadzimadzi. Kufinya n'kusiya mkaka m'kapu yovundikira ankadziwa, ndipo m'malo ozizira ngati kuno umatha kukhala maola 6, koma mayi anati m'mawa analibe nthawi. Miyezi 6 imene timafuna sinakwane. Ndalemba zimenezi monga zinachitikira.

Zimene nkhaniyi yandionetsa

Cholakwa choyamba ndi changa. Usiku umene mayiyu anachira ndinali ndekha ndi amayi awiri ena ali pa matenda. Mwana anaikidwa kubere patatha maola pafupifupi atatu, pamene malangizo a WHO ndi UNICEF amati mkati mwa ola loyamba. Mmawa ndinadutsa pa bedi lake, ndinaona mwana ali kubere mkati mwa bulangeti, ndinafunsa kuti akuyamwa, mayi anati inde, ndinachonga. Mtsikana wa zaka 19 sangauze namwino kuti zikuwawa, makamaka akamaganiza kuti ululuwo ndi mmene zimakhalira. Ndondomeko ya zipatala zokomera ana imene WHO ndi UNICEF anayambitsa mu 1991, ndipo mfundo zake khumi anazikonzanso mu 2018, imati mayi athandizidwe kuyamba kuyamwitsa ndi kuthana ndi zovuta zodziwika. Thandizo limeneli limafuna mphindi 20 za munthu wokhala pansi. M'buku mwathu muli malo a chizindikiro chimodzi chokha.

Chachiwiri ndi nthawi. Mavuto a bere amabwera pakati pa tsiku lachitatu ndi lachisanu, mkaka ukamadzaza. Malangizo amati mayi ndi khanda aonedwe m'maola 24 oyamba, pa tsiku lachitatu, pakati pa tsiku la 7 ndi la 14, ndiponso pa masabata 6. Koma masiku amenewo ndi a chikuta. Mayi wochira kumene sayenda maola atatu, ndipo mwambo sulola kuti khanda lituluke mchombo usanagwe. Timalemba kuti "sanabwere" ngati kuti ndi kusamvera, chikhalirecho thandizo taliika pamalo pamene iye sangafike pa sabata imene akulifuna kwambiri. Amene amakhala naye m'nyumbamo ndi apongozi kapena mayi ake, ndi azamba. Ma APE alipo m'dziko muno kuyambira 1978, ndipo pulogalamu yawo inatsitsimutsidwa mu 2010, koma kumene APE ndi mwamuna, amathera pakhonde. Zaka zonsezi uphungu wa kuyamwitsa takhala tikuupereka kwa atsikana oyembekezera atakhala pa benchi, agogo ali panja kuphika. Amene amagamula kuti bere lawola sanamvepo phunziro lathu ngakhale limodzi. Ndipo agogo a m'nkhaniyi sanali mdani wa mwanayo. Anaona mdzukulu akulira ndi njala, liwombo likulowa, n'kuchita zimene ankadziwa.

Palinso nkhani ya chinenero imene ndimafuna anzanga aiganizire. Zithunzi zambiri za pakhoma lathu ndi za Chipwitikizi, ndipo anamwino ena otumizidwa kuno kuchokera ku zigawo zina amafika asakudziwa Chichewa. Mawu akuti "kuyamwitsa mwakathithi" amayi kuno amawadziwa chifukwa amamvera wailesi za ku Malawi. Koma ndikawafunsa tanthauzo, ambiri amati ndi kuyamwitsa pafupipafupi, ndipo sawona kuti madzi kapena kaphala zikusemphana nazo. Ine tsopano ndimati, "Bere lokha, ngakhale madzi ayi, mpaka miyezi 6," ndipo ndimaonjeza kuti mkaka wa m'mawere pafupifupi magawo 88 pa 100 ndi madzi, moti ngakhale mwana wa mumzinda wa Tete, kumene dzuwa limaswa mtengo, safuna madzi ena.

Pa mkaka wam'chitini umene anabwerera. Ulipo mwana amene amaufunadi, monga amene mayi ake amwalira ndipo palibe womuyamwitsa. Koma khanda limafuna makilogalamu pafupifupi 20 a mkaka woterewu pa miyezi 6 yoyamba, zitini 40 za magalamu 500, kuphatikizapo madzi owiritsa ndi nkhuni usana ndi usiku. Banja limene lagulitsa mbatata kuti ligule paketi imodzi silingafike kumeneko. Limagula wotchipa wosayenera n'kumausungunula, monga anachitira awa. Malamulo a padziko lonse oletsa kutsatsa mkaka wolowa m'malo mwa bere anakhazikitsidwa mu 1981, koma pa msika wa kumudzi wogulitsa amangopereka chimene chili pa shelefu kwa bambo wosokonezeka amene wanena kuti mwana akulira.

Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2011, wotchedwa IDS, anapeza kuti ana 43 pa 100 osakwana miyezi 6 ku Mozambique ndi amene ankayamwa bere lokha, ndipo mayiko anagwirizana zofika pa 50 pa 100 pofika 2025. Nkhani za mu magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2016 zinawerengera kuti ana oposa 820,000 akanapulumuka chaka chilichonse kuyamwitsa kukanafikira pafupifupi onse. Kuno pafupifupi mayi aliyense amayamwitsa, ndipo safuna kumukopa. Amasowa womuthandiza bere likang'ambika, ndiponso womuchepetsera ntchito. Lamulo la ntchito la 2023 linakweza tchuthi cha uchembere kuchoka pa masiku 60 kufika pa 90, zimene ndi zabwino kwa olembedwa ntchito. Mlimi wa ku Angónia tchuthi chake chimatha mvula ikagwa, ndipo pa nkhani imeneyi sindinamuthandize mokwanira. Ndikanayamba kukambirana ndi bambo ndi agogo mu Okutobala za amene adzagwire munda wakutali, kapena zoti mwana azipita naye kumunda ndi womulera pamthunzi.

Zimene tasintha

Pa chipatala chathu mayi satulukanso namwino asanaone kuyamwitsa kumodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, bulangeti litachotsedwa. Tikakhala otanganidwa amadikira. Mayi aliyense amafinya mkaka ndi dzanja lake kamodzi asanapite. Phunziro la ku casa de espera tinalisamutsira kukhitchini, madzulo, pamene operekeza akuphika, ndipo timagwiritsa ntchito chidole ndi bere losoka ndi nsalu. Mayi akatuluka timatumiza uthenga kwa APE tsiku lomwelo kuti iye ndi azamba akafike pa tsiku lachitatu. Izi zimayenda pamene foni ili ndi moto ndi mayunitsi, ndipo midzi iwiri ya kuseri kwa phiri ilibe netiweki, moti kumeneko timapatsira kakalata woyendetsa njinga.

Mwanayo ndinamuona komaliza pa sikelo ya miyezi 6. Analemera makilogalamu 6.9, akuyamwabe usana ndi usiku, ndipo tinakambirana zothira nsinjiro ndi ufa wa soya m'phala lake kuti lisakhale lamadzi. Anabwera naye ndi agogo aja, ndipo anabweretsanso mtsikana wina wa m'mudzi mwawo wa khanda la masiku 9, amene nsonga yake yakumanja inali itayamba kung'ambika. Anali atamuvula kale mwanayo bulangeti kunyumba, ndipo ankafuna ndione ngati mlomo wam'munsi wapindika bwino.